Kodi ku Edinburgh Tinapita Kukaona Ndani?

Munthu akamva kuzizira, ine ndimadziwa kuti amasendera kumoto. Nanga bwanji anthu a kuno ku Britain, Disembala akangofika, amalongedza kachikwama n'kukwera sitima yolowera kumpoto, kumene kukuzizira kuposa kumene achoka? Palibe amene wawaitana. Palibe chimene akuthawa. Amanyamuka Lachisanu, Lamulungu madzulo abwerako, Lolemba ali pa ntchito akuyasamula, koma ukawafunsa amati anapita kukapuma.

Amene anandilowetsa m'zimenezi ndi mnzanga amene timagwira naye ntchito yosamalira okalamba mumzinda wina wa kumpoto kwa England. Kwawo ndi ku Zomba, koma kuno wakhalitsa, moti zambiri zimene zimandidabwitsa ine iye sazionanso. Tsiku limene ananena za ulendo wa ku Edinburgh, ku Scotland, ndinafunsa chimene wina aliyense wa kwathu akanafunsa.

"Kwagwanji, amwali?"

"Sikunagwe kanthu."

"Kuli abale anu?"

"Ndilibeko mbale."

"Nanga tikukaona ndani?"

"Tikukaona mzinda."

Kodi mzindawo ukudwala? Kwathu ulendo umakhala ndi mutu wake. Umapita kumaliro, kuukwati, kukazonda matenda, kukapikula katundu ku Joni. Ukangonyamuka n'kunena kuti ukukaona nyumba za eni, anthu amayamba kunong'onezana kuti pali chimene ukubisa.

Choyamba kundisokoneza linali dzuwa. Chakumapeto kwa Disembala, ku Edinburgh limatuluka cha m'ma 8:40 m'mawa, ndipo nthawi isanakwane 4 koloko madzulo lalowa kale. Maola asanu ndi awiri, basi. Ngakhale likatuluka, silikwera pamutu, limangodutsa cham'munsi, pamwamba pa madenga, osatentha n'komwe. Mnzanga anandifotokozera kuti dziko ndi lopendekeka, ndipo mzindawu uli pa madigiri pafupifupi 56 kumpoto, pamene Lilongwe ali pa 14 okha kummwera, n'chifukwa chake kwathu usana ndi usiku sizisiyana kwenikweni chaka chonse. Anawonjezera kuti mu Juni dzuwa la kuno limalowa cha m'ma 10 koloko usiku. Ndinamva, koma funso linatsala. Ngati tabwera kudzaona, bwanji tasankha mwezi umene zinthu sizioneka? Iye anati usiku ndiye kumakongola, chifukwa amayatsa magetsi a Khirisimasi. Ndiye kuti tinakwera sitima kudzaona mababu?

Kuhotela nako kunali masamu ake. Tinalipira tsiku lathunthu, koma anatiuza kuti chipinda tilowamo 3 koloko masana, ndipo tsiku lochoka tizikhala titatuluka pofika 11 koloko m'mawa. Ndinawerenga ndi zala, anakwana maola 20. Anayi enawo amagonamo ndani?

Anthu a mumzinda umenewu ali ndi nkhani ndi nthawi. Ukangotuluka pa siteshoni ya Waverley, maso amagwera pa wotchi yaikulu ya pansanja ya hotela ya Balmoral, imene inatsegulidwa mu 1902. Wotchi imeneyi imatsogola ndi mphindi zitatu, mwadala, kuti anthu azifulumira asasiyidwe ndi sitima. Aliyense wa mumzindamo amadziwa zimenezi. Tsono ngati aliyense akudziwa, wotchiyo ikunamiza ndani? Munthu akaiyang'ana, si amangochotsera zitatuzo mumtima n'kupitiriza kuyenda mmene amayendera? Akutinso pa 31 Disembala amaibweza kuti ilondole, poopa kulowa chaka chatsopano nthawi isanakwane. Choncho kuikonza amatha. Amangofuna kuti masiku ena onse izinama.

Loweruka masana tili pa Princes Street panamveka kuphulika kumene kunandigwetsa chikwama. Ndinagwira mnzanga mkono kuti tithawe, koma mayi wina wachikulire amene anali pafupi nafe anangokweza mkono wa jekete, kuyang'ana wotchi yake, n'kumapita. Unali mzinga umene amaomba pa linga la pamwamba pa thanthwe, 1 koloko yeniyeni, tsiku lililonse kupatula Lamulungu, Lachisanu Loyera ndi Khirisimasi. Anayamba mu 1861, kuti oyendetsa sitima za pamadzi ku doko la Leith azitchera mawotchi awo. Pamenepo ndikumva, nthawi imeneyo kunalibe foni. Nanga lero akuombera ndani? Ndinafunsanso kuti bwanji 1 koloko, osati 12 pamene tsiku lagawika pakati. Mnzanga anaseka, nati anthu amaserewula kuti a ku Scotland ndi oumira, anaona kuti chipolopolo chimodzi n'chotchipa kusiyana ndi khumi ndi ziwiri.

Mwina mzimu wa mawotchiwu ndi umene unalowa mwa mnzangayo. M'foni mwake munali mndandanda wa malo oti tione, chilichonse ndi nthawi yake, ndipo ndikati tikhale pansi timwe tiyi ankayang'ana kumwamba n'kunena kuti dzuwa likutithera. Mzinda wakalewo ndi zitunda ndi masitepe okhaokha, tinjira tothina totsika pakati pa nyumba zazitali zakuda, miyala yake yoterera ndi chinyezi. Kuntchito ndimaima tsiku lonse, koma miyendo sinandiwawepo chonchi. Ndinafunsa kuti kupuma kuja tiyamba nthawi yanji. Anandiyankha kuti n'kumeneku.

Ankafunanso tikwere phiri la Arthur's Seat, lotalika mamita 251, limene kalekale linkaphulika moto. Kwa munthu amene anaonapo Sapitwa, wa mamita 3,002, chimenechi n'chulu chabe, koma mphepo yake si yamasewera. Anthu anali ndandanda kukwera, ena ndi agalu ovala majuzi.

"Pamwambapo pali chiyani, amwali?"

"Umaona mzinda wonse."

"Si womwewu tili m'kati mwakewu?"

Kwathu wokwera phiri amakatola nkhuni, kapena amakasala kudya n'kupemphera. Awa amangofika, kujambulitsa tsitsi lili m'maso, n'kutsika. Ine ndinakana.

Pa msewu wa Royal Mile, pafupi ndi tchalitchi cha St Giles', pansi anayalapo miyala mooneka ngati mtima. Ndinaona mnyamata wovala bwino akulavulirapo, palibe womudzudzula. Akuti pamenepo panali khomo la ndende yakale imene inagwetsedwa mu 1817, ndipo kulavula kunayamba ngati kunyoza ndendeyo, koma lero amati kumabweretsa mwayi. Kutsikira kummwera pang'ono kuli chiboliboli cha kagalu kotchedwa Greyfriars Bobby, kamene amati kanalondera manda a mbuye wake zaka 14 mpaka kufa mu 1872. Alendo amakasisita mphuno, nakonso pofuna mwayi, moti mphunoyo inasupuka n'kumawala, ndipo akuluakulu a mzinda anapemphapo kuti anthu aleke. Ineyo ndinakula ndikumva kuti zokhulupirira malodza ndi zathu, azungu anazisiya kalekale. Nanga izi n'chiyani? Kulavulira mwala ndi kusisita galu wachitsulo kuli m'gulu liti?

Koma amene anandiimitsa nthawi yaitali ndi munthu amene sanali pa mndandanda wa mnzanga. M'mphepete mwa Princes Street Gardens, pafupi ndi nsanja yakuda ya Walter Scott, paima David Livingstone. Dzanja lina watambasula atagwira Baibulo, m'chiuno muli mfuti yaing'ono, kumbuyo kwake chikopa cha mkango, kukumbutsa uja unamuphwanya mkono. Chibolibolichi anachiimika mu 1876, chaka chomwecho chimene amishoni a Church of Scotland anakhazikitsa Blantyre wathu, kutengera dzina la mudzi umene iye anabadwira mu 1813. Ife dzina lake tinaliloweza kupulayimale, tinalilemba pa mayeso, mpaka sinodi yathunthu ya CCAP imatchedwa Livingstonia. Apa anthu ankangomudutsa, ali kalikiliki kudya masoseji. Mtsikana wina anatsamira pamwala wake n'kumamanga chingwe cha nsapato. Kodi iwo sakumudziwa, kapena ife ndi amene tinamudziwa mopitirira?

Ndili chiimire pamenepo, ndinayamba kuganiza za anthu a m'mphepete mwa nyanja yathu mu 1859, tsiku limene mlendo ameneyu anatulukira. Sindikukayika kuti anamulonjera monga mwa mwambo, n'kumufunsa kuti kwagwanji, nanga kuno kuli abale anu? Iye n'kuyankha kuti ayi, ndabwera kudzaona nyanja. Kodi sanayang'anizane? Mabuku akale a sukulu ankati iye ndi amene anatulukira nyanja ya Malawi, chonsecho anapeza anthu akuwedzamo usipa. Tsono ife amene tafika ku Edinburgh popanda wotiitana, n'kupeza eni ake akugula mphatso za Khirisimasi, tinganene kuti taitulukira? Mnzanga anati ndisiye zimenezo ndimujambule. A Kamuzu Banda nawonso anayenda m'misewu yomweyi, anamaliza maphunziro awo a udokotala mumzinda womwewu mu 1941, koma iwo ukanawafunsa chimene adzera, yankho anali nalo.

Kuzungulira Livingstone ndi pamene pali msika wa Khirisimasi: timanyumba tamatabwa, magetsi, chigudumu chachikulu chonyamula anthu m'mwamba, fungo la anyezi wokazinga ndi shuga wopserera. Amagulitsa vinyo wofiira wotentha, wothira zonunkhiritsa ndi makoko a malalanje. Ndinafunsa ngati amamuphika chifukwa wawonongeka. Ndinamwa ndithu, koma makamaka chifukwa kapuyo inkafunditsa zala. Zambiri za pamsikapo, kuyambira masoseji mpaka mamangidwe a timanyumbato, anatengera ku Germany, ndipo nditafunsa kuti nanga Khirisimasi yawoyawo ili kuti, ndinamva zimene sindinaziyembekezere. Mu 1640 nyumba ya malamulo ya Scotland inathetsa tchuthi cha nyengo imeneyi, popeza mpingo wa chipresibiteriyani sunkapeza m'Baibulo lamulo loti tsikuli lizikondwereredwa, ndipo Khirisimasi inadzakhala tsiku la tchuthi mu 1958. Chikondwerero chawo chachikulu chinali cha kutha kwa chaka, chimene amati Hogmanay. Ndiye kuti anthu amene anawoloka nyanja kudzatiuza za kubadwa kwa Yesu, abale awo kumudzi pa 25 Disembala ankalawirira kuntchito? Mpunga ndi nkhuku zija tinazitenga kwa yani?

Chinanso. Kukazizira kwambiri, magalimoto a khonsolo amawaza mchere m'misewu kuti madzi oundana asungunuke, anthu asaterereke. Kuntchito kwathu amatichenjeza za kugwa pafupifupi tsiku lililonse. Koma pakati pa mzinda womwewo anthu ena aumitsa madzi ndi makina, atchinga mpanda, ndipo akulipiritsa kuti ulowe ukaterereke. Mzere wake wautali. Bambo wina anagwa chagada, ana ake n'kumaombera m'manja.

Za haggis sindinena zambiri. Ndi mtima, chiwindi ndi mapapo a nkhosa, zogaya pamodzi ndi oats ndi tsabola, n'kuika pambali pa mbatatesi yopondaponda. N'zokoma. Ndinangodabwa kuti zam'kati, zimene kwathu timagula ndalama zikachepa, kuno zimabwera pa mbale yoyera ndi mtengo wa nyama yeniyeni. Ku National Museum of Scotland kolowa ulere, kofunda bwino, tinakaona nkhosa ina imene sanaidye, dzina lake Dolly, yobadwa mu 1996 kuchokera ku selo la nkhosa inzake, popanda nkhosa yamphongo kukhudzidwa. Inafa mu 2003, anaiumika, ndipo ikuzungulira m'bokosi lagalasi. Ndinafunsa kuti bwanji kofunda n'kwaulere pamene kulinga kuja, kwa mphepo, n'kolipira. Palibe anandiyankha.

Mdima utagwa msanga chonchija, tinalibe kwina kopita koma kuchipinda. Tinavula nsapato zonyowa, kuziika pafupi ndi chotenthetsera, n'kuwiritsa madzi m'kaketulo ka hotela. Mnzanga anakhala pabedi atafunda bulangeti mpaka m'khosi, ndipo mosayembekezera anayamba kulankhula. Ananena za nyumba imene akumanga kwawo, imene yaima pa lintala chifukwa ndalama za malata zinapita ku matenda a mayi ake. Ananena za mwana wake amene anamusiya akuyamba sukulu, lero mawu ayamba kukula, ndipo pa foni amayankha mwaulemu ngati akulankhula ndi aphunzitsi. Ine ndinanenanso zanga. Tiyi anazizira m'makapu, wina tinapanganso, mpaka tinamva anthu akubwera kuchokera kumowa akuimba m'msewu.

Chimene sindikumvetsa n'chakuti munthu ameneyu timaonana pafupifupi tsiku lililonse. Timakwera basi imodzi. Nyumba zathu n'zoyandikana, ungathe kuyenda wapansi. Nkhani zonsezi zinali kuti? N'zoona kuti tikakumana kuntchito wina amakhala akulowa wina akutuluka, ndipo tsiku lopuma limathera kuchapa, kugona ndi kuyankha mauthenga a kumudzi. N'zoonanso kuti kuno kulibe khonde loti munthu angofikapo osapangana, kulibe ulendo wa kuchigayo woti mucheze podikira. Komabe, kodi kuti anthu awiri akhale pansi n'kufunsana za kumtima, mpaka pafunike tikiti ya sitima, hotela ya maola 20 ndi mzinda umene palibe akuwadziwa? Kodi anzathu aja ndinkawaona awiriawiri pa siteshoni ndi tizikwama tawo, nawonso amakhala atanyamula nkhani zimene kunyumba zikusowa pokhala? Ndinamufunsa mnzangayo zimenezi. Anati ndimafunsa kwambiri, ndizimitse getsi.

M'sitima pobwerera anatulutsanso foni. Anati chaka china tidzabwere pa 1 Januwale, tidzapite ku South Queensferry, pafupi ndi mlatho wofiira wa sitima umene unatsegulidwa mu 1890, chifukwa tsiku limenelo anthu amathamangira m'madzi a Firth of Forth, ena atavala zoseketsa, madzi ake ozizira oti chala chokha chimachita dzanzi.

"Amakhala atalakwa chiyani?"

"Sanalakwe kanthu."

"Nanga amawakankha ndani?"

"Amalowa okha, amwali."

"Ife tidzakhala kumtunda, eti?"

Anati zimenezo tidzaonera komweko.