Vinyo wofiira wafika pa nsima

M'nyumba zambiri za ku Area 47, Namiwawa ndi Katoto, nkhomaliro ya Lamulungu masiku ano siyenda popanda botolo la vinyo wofiira patebulo. Kale mlendo ankangopatsidwa Fanta kapena Green wozizira, n'kumamwa mwamtendere. Lero asanalawe ayenera ayambe wamva ulaliki.

Mlaliki amakhala bambo a m'nyumba, amene anapitako ku Cape Town kumsonkhano wa kuntchito n'kubwerako ali katswiri. Amathira pang'ono m'tambula yamwendo umodzi, kuizunguza, kulowetsamo mphuno, kutsinzina. Akatero amalengeza kuti akumva kafungo ka zipatso zakupsa, chokoleti ndi utsi wa nkhuni. Amalume ochokera ku Ntcheu nawo amanunkhiza mwaulemu.

"Mphwanga, utsiwo ukuchokera kukhitchini. Ndiwo zikupserera."

Mbiri yokha bambowa amaidziwa, tisawanamizire. Vinyo wambiri wa m'masitolo athu amachokera ku South Africa, kumene Jan van Riebeeck anafinya mphesa koyamba mu 1659. Pinotage, amene iwo amamutchula mokweza mphuno, ndi mtundu wa mphesa umene Abraham Perold anapanga ku Stellenbosch mu 1925 pokwatitsa Pinot Noir ndi Cinsaut. Zonsezi amazifotokoza nsima ikuzizira m'mbale.

Botolo lisanatseguke pamakhalanso nkhondo. Chotsegulira chake chinabwerekedwa ndi aneba chaka chatha, ndiye ntchito imagwera mpeni, msomali, mwinanso sukuludiraiva. Chitsekerero chimanyenyeka n'kugwera m'kati, ndipo vinyo wa ndalama zambiri amafika kwa alendo atadutsa m'kasefa ka tiyi.

Lamulo limene bambo saseka nalo n'lakuti vinyo wofiira salowa m'furiji. Analimva ndithu, koma theka. Linachokera ku Ulaya, m'nyumba zamiyala zozizira, ndipo limanena za madigiri 15 mpaka 18. Mu Okutobala, pabalaza la nyumba ya malata ku Lilongwe pamapitirira madigiri 30. Vinyo akafunda chonchi kukoma kwa mphesa kumathawa, chotsala n'kuwotcha pakhosi. Mphindi 20 m'furiji, magetsi akakhalapo, zikanakonza zonse. Mayi a m'nyumba amadziwa zimenezi, n'chifukwa chake Four Cousins wawo wotsekemera amamubisa kuseri kwa mphika wa nyemba m'furijimo.

Vuto lina, limene opanga matambula sanaliganizire, ndi nsima. Dzanja lomwe likukanya mbamu ndi lomwelo likuyenera kugwira kamwendo ka galasi. Pofika mtanda wachiwiri tambula yonse yachita mawanga, ndipo tinyenyeswa tauma pamene zala zinagwira. Ena amathawira ku foloko ndi mpeni, nsima n'kumadulidwa mabandemabande, amalume akuyang'ana mwachisoni. Anzeru amadya ndi lamanja, kumwa ndi lamanzere, nkhani yatha.

Komatu vinyoyu sadana ndi chakudya chathu. M'makoko ndi m'njere za mphesa muli tannin, amene amaumitsa m'kamwa ngati wadya nthochi yosapsa. Akakumana ndi nyama yamafuta, kaya ya mbuzi yootcha kaya ya ng'ombe yamsuzi, ukali uja umafewa ndipo nyamayo imakoma kuposa kale. Pa chambo ndi usipa m'pamene zimavuta: vinyo wofiira wolimba amasiya kakomedwe ka chitsulo palilime. Kambuzi naye amakolezera moto. Koma bambo anagula botolo limodzi, ndipo lidutsa pa ndiwo zonse, ngakhale therere.

Azakhali sadikira zonsezo. Amathira Coca-Cola mpaka tambula kudzaza, bambo n'kugwira mutu. Bambowo sadziwa kuti ku Spain ndi kwa aneba athu ku Mozambique anthu amamwa vinyo wofiira wosakaniza ndi Coca-Cola yemweyo popanda wopepesa.

Amalume, ozolowera chikho cha masese, amagugudiza tambula yonse kamodzi n'kupempha ina. Palibe anawauza kuti vinyoyu mphamvu yake ndi 13 kapena 14 peresenti, pafupifupi katatu ka Green. Tambula yachitatu ikamatha, amakhala atayamba kukumbutsa mphwawo za ndalama za feteleza zimene analonjeza dzinja lapita, alendo onse akumva.

Chotsala m'botolo chimalowa m'kabati yagalasi, pambali pa mbale zaukwati, ati chizikhwima. Vinyo akangotsegulidwa mpweya umayamba kumuwononga, ndipo ngakhale m'furiji amakhala bwino masiku atatu mpaka asanu. Bambo sakhulupirira zimenezo, akusungira alendo a Khirisimasi. Mukaitanidwa kunyumba yotereyi mu Disembala, yambani mwafunsa mayi a m'nyumba tsiku limene botololo linatsegulidwa.