Kodi chimbale chanenepa liti?

Odziwa za positi ndi za malonda, mundilezere mtima, ndili ndi timafunso. Safunsa anadya phula. Nkhani yake ndi ya zimbale za nyimbo: zakuda zija zozungulira pa galamafoni, ma CD ndi makaseti. Musaganize kuti malonda amenewa anatha. Ku America m'chaka cha 2022 zimbale zakudazo zinagulidwa zambiri kuposa ma CD, zomwe zinali zisanachitikenso kuchokera mu 1987. Koma ogula ndi ogulitsa omwe akudandaula chinthu chimodzi: masiku ano ndalama yotumizira chimbale kunja kwa dziko ikumaposa mtengo wa chimbalecho.

Funso langa loyamba ndi lachibwana. Kodi chimbale chanenepa? Cha mtundu wa LP chinatuluka mu 1948 ku kampani ya Columbia, chili chotambalala masentimita 30, ndipo mpaka lero chidakali chomwecho, kulemera kwake magalamu apakati pa 120 ndi 180. Wogulitsa amachilowetsa m'chikuto chake, amachipanikiza pakati pa makatoni awiri kuti chisapindike, amamata selotepi m'makona monse, n'kuchiika pa sikelo. Sikelo imaloza cha m'ma theka la kilogalamu, monga inkalozera zaka 20 zapitazo. Nyanja ya Atlantic sinakule. London sanasamuke pamalo pake. Nanga chimene chakwera n'chiyani?

Wina anandiyankha kuti ndi mtunda, ati mafuta a ndege adula. Ndinavomera, kenako ndinayang'ana mapu. Mzinda wa Detroit ku America ndi mzinda wa Windsor ku Canada analekanitsidwa ndi mtsinje basi, woima tsidya lino amaona nyumba za tsidya linalo. Munthu wa ku Detroit akafuna kutumiza chimbale ku Los Angeles, mtunda wopitirira makilomita 3,000, amalipira madola 5 kapena 6, chifukwa positi ya dzikolo ili ndi mtengo wotsika wa mabuku ndi nyimbo wotchedwa Media Mail, womwe unayamba mu 1938 ngati mtengo wa mabuku. Koma chimbale chomwecho kuti chiwoloke mtsinje kupita ku Windsor, ndi madola opitirira 20. Ngati vuto ndi mafuta, kodi mtsinje umodziwu ukumwa mafuta ochuluka kuposa ulendo wodutsa dziko lonse la America?

Zikuoneka kuti funsoli silinayambe ndi ine. Mu 1837 mphunzitsi wina wa ku England, Rowland Hill, anawerengera ndalama imene positi inkawononga ponyamula kalata imodzi kuchokera ku London kukafika ku Edinburgh. Anapeza kuti inali kachigawo kamodzi mwa zigawo 36 za peni. Ndalama zambiri zinkathera pa kulemba, kuwerengera mtunda wa kalata iliyonse ndi kutolera malipiro pakhomo ndi pakhomo. Ndiye anati tichepetse mapepala, tiike mtengo umodzi, ndipo mu 1840 sitampa yoyamba inabadwa. Ngati munthu wa nthawi ya ngolo za akavalo anazindikira kuti chodula si ulendo koma mapepala, ife a nthawi ya kompyuta tikuchulukitsiranji mapepalawo?

Mu 1874 mayiko anakumana ku Bern, ku Switzerland, n'kupanga bungwe la Universal Postal Union, lomwe lero lili ndi mamembala 192. Mgwirizano wake unali wosavuta: dziko lotumiza lisunge ndalama ya sitampa, dziko lolandira likapereke kalatayo kwaulere, poti kalata iliyonse imabala yankho ndipo zinthu zidzalingana zokha. Zinayenda chonchi pafupifupi zaka 100. Mu 1969 anagwirizana kuti dziko lolandira makalata ochuluka kuposa amene likutumiza lizilipidwa, ndipo patapita zaka mayiko osauka anawaikira mtengo wotsika. Apa sindikuonapo cholakwika. Mavuto anadza pamene malonda a pa intaneti anakula, timaphukusi tochokera ku China tikulowa m'mayiko olemera pa mtengo wotsikawo, moti nthawi zina kutumiza kachingwe ka foni kuchokera ku Shenzhen kupita ku New York kunali kotchipa kuposa kukatumiza kuchokera m'dera lina la America momwemo. Mu October 2018 America inaopseza kuti ituluka m'bungweli. Mu September 2019 mayiko anakumana mwadzidzidzi ku Geneva n'kulola kuti dziko lizidziikira lokha mtengo wolandirira timaphukusi tosapitirira makilogalamu 2. America inayamba mu July 2020, ena anatsatira pang'onopang'ono kuyambira 2021.

Tsono ndithandizeni apa. Mkanganowu unali wa pakati pa maboma awiri akuluakulu, la America ndi la China, wokhudza mamiliyoni a timaphukusi ta m'mafakitale. Nanga mkulu wopuma pantchito wa ku Leeds kapena ku Osaka, amene akugulitsa zimbale za unyamata wake chimodzichimodzi, walowamo bwanji? Ali ndi fakitale iye?

Ndinafunsanso kuti, chabwino, ndege ndi yodula, bwanji osatumiza pa sitima yapamadzi? Nyimbo yojambulidwa mu 1975 yadikira kale zaka 50, singawole chifukwa cha miyezi iwiri ya panyanja. Yankho lake ndi loti positi ya ku America inathetsa njira ya panyanja mu May 2007. Wosafulumira ndi wofulumira onse anawakweza ndege, n'kuwalipiritsa mtengo wa ofulumira. Ndipo poti katundu wa positi amakwera pansi pa mipando ya ndege zonyamula anthu, mliri wa Covid-19 utaimitsa ndegezo mu 2020 malo anachepa, mitengo inalumpha, mayiko ena anaimitsiratu kutumiza. Ndege zinabwerera mumlengalenga. Kodi alipo amene anaona mitengo ikubwerera pansi?

Pali china chimene chimandizunguza mutu. Kale CD imodzi unkatha kuiika mu envelopu, kumata sitampa, n'kuiponya m'bokosi ngati kalata, popeza yokhayokha silemera ngakhale magalamu 20. Kuyambira January 2018 positi ya ku America inati m'kalata yopita kunja muzikhala mapepala okha, ndipo ya ku Germany inachita chimodzimodzi mu January 2019. CD inasanduka katundu, ndipo katundu ali ndi mtengo wake. Kotero envelopu yodzaza mapepala olemera magalamu 100 ndi kalata, koma envelopu yomweyo yokhala ndi CD ya magalamu osakwana 20 ndi phukusi. Kodi wonyamula thumba la makalata amamva kusiyanako paphewa pake?

Kenako pakubwera msonkho. Kale mayiko ambiri ankati kanthu kotchipa kangodutsa, poti kutolera msonkho wake kungadye ndalama zambiri kuposa msonkhowo. Ku Britain malire anali mapaundi 15, ku mayiko a European Union anali mayuro 22. Britain inachotsa malire ake pa 1 January 2021, tsiku lomwe inayamba kuyenda payokha pa malonda itachoka mu mgwirizano wa ku Ulaya, ndipo European Union inachotsa ake pa 1 July chaka chomwecho. Chimbale chimene dzulo lake chinkachoka ku London kupita ku Berlin popanda wochifunsa, tsopano chimafuna kafomu ka CN22, pomwe umalemba chimene chili m'katimo, kulemera kwake ndi mtengo wake.

Tiyeni tiwerengere limodzi, mwina masamu anga ndi operewera. Munthu wa ku Germany wagula CD ya mayuro 10 kuchokera kunja kwa European Union, ndipo tingoyerekeza kuti yotumizira ndi mayuro 10. Msonkho wa VAT kumeneko ndi 19 peresenti, ndipo amauwerengera pa zonse, CD ndi yotumizira yomwe. Ndiye kuti mayuro 3.80. Ngati msonkhowo sunalipiridwetu, positi imamulipirira, n'kumufunsa ndalama ya ntchito yomulipirirayo, yomwe mu 2021 inali mayuro 6. Zonse pamodzi mayuro 29.80, pa CD ya mayuro 10. Woimba nyimbozo salandirapo kalikonse pa mayuro 19.80 owonjezerawo. Ndipo ndalama yotolera msonkho yaposa msonkho weniweniwo. Kodi si chifukwa chomwecho chimene akale anasiyira tinthu totchipa kuti tizingodutsa?

Sindikunena kuti maboma alibe mfundo. Mwini sitolo ya zimbale wa mumzinda, amene amalipira lendi ndi msonkho, ali ndi chifukwa chodandaulira akaona mnzake wakunja akugulitsa popanda msonkho. Nawo a positi ali pamavuto, chifukwa makalata amene ankawadyetsa akutha, moti ku Denmark kampani ya PostNord inalengeza kuti kumapeto kwa 2025 isiya kupereka makalata. Zimenezi ndikuzimva. Chimene sindikumva n'chakuti mankhwala ake akupweteka bwanji wamng'ono kuposa wamkulu amene anayambitsa matendawo.

Za mu 2025 ndiye zinandisokoneza kotheratu. America inkalola katundu wosapitirira madola 800 kulowa popanda msonkho. Pa 29 August inatseka khomo limenelo kwa mayiko onse, n'kunena kuti msonkho uzitoleredwa katundu asanafike. Mapositi ambiri analibe njira yochitira zimenezo, ndipo Universal Postal Union inanena kuti 88 mwa iwo anaimitsa kapena kuchepetsa kutumiza katundu ku America, moti tsiku limenelo katundu wa positi wopita kumeneko anatsika ndi 81 peresenti. Chodabwitsa n'chakuti lamulo la 1977 limene boma linagwiritsa ntchito poika misonkhoyo linakonzedwa mu 1988 ndi 1994, ndipo limatchula mwachindunji zimbale za galamafoni, matepi ndi ma CD kuti asakhudzidwe. Ndiye kuti chimbale chinalibe mlandu, koma chinatsekeredwa limodzi ndi ena pawindo la positi ofesi. Ngati chinthu chilibe msonkho koma sungathe kuchitumiza, ufulu wakewo uli pati?

Msika waukulu wa zimbale zakale pa intaneti ndi Discogs, womwe unayamba m'chaka cha 2000. Mu May 2023 unakweza gawo lomwe umadula kwa wogulitsa kuchoka pa 8 kufika pa 9 peresenti, n'kuyamba kuliwerengera pa ndalama yotumizira yomwe. Chifukwa chake chilipo: ogulitsa ena ochenjera ankatsitsa mtengo wa chimbale n'kubisa phindu m'ndalama yotumizira. Komabe kwa wogulitsa wachilungamo zili ngati wodula matikiti mumsika kukuuza kuti ulipire za malo ako, ulipirenso gawo la ndalama imene wapatsa kondakitala pobweretsa tomato wako. Iye angachitenji koma kukwezanso yotumizirayo?

Zotsatira zake zikuoneka. Ogulitsa ang'onoang'ono ambiri amangolemba kuti kunja satumiza. Ogula amadikira mpaka atapeza zimbale zisanu kwa munthu mmodzi, chifukwa chachiwiri ndi chachitatu sizionjezera zambiri pa sikelo, kapena amapempha wachibale wapaulendo kuti awanyamulire m'chikwama. Makampani akuluakulu alibe nazo nkhawa, ali ndi nyumba zosungira katundu mbali zonse za nyanja ndiponso mitengo yawoyawo yogwirizana ndi onyamula. Chimbale chosowa cha madola 500 chimayendabe, poti wochigula saona madola 30 ngati kanthu. Chimene chasiya kuyenda ndi cha madola 5, cha gulu losadziwika, chimene munthu akanagula pongofuna kulawa. Kodi si njira imeneyo imene nyimbo zachilendo zinkapezera makutu atsopano?

Mwina mukuti izi ndi za azungu okhaokha. Taganizani za nyimbo za Zamrock za ku Zambia za m'ma 1970, za magulu monga WITCH, Amanaz ndi Ngozi Family. Zambiri zinkadindidwa ku Ndola, koma amene wazidindanso masiku ano ndi kampani ya Now-Again ya ku Los Angeles. Zimbale za Madalitso Band, anyamata amene anayambira m'misewu ya Lilongwe ndi babatoni wawo, zimatuluka ku kampani ya Bongo Joe ya ku Geneva komwe kuja kunachitikira msonkhano wa 2019. Munthu wa ku Kitwe kapena ku Mchesi akafuna chimbale cha nyimbo za kwawo ayenera kuchiitanitsa kutsidya kwa nyanja, alipire m'ndalama zakunja zimene n'zosowa kale, ndipo wa ku Malawi akumbukire kuti kwacha inagwa ndi 44 peresenti mu November 2023. Nyimbo inatuluka mosavuta. Bwanji kubwerera kwawo kukudula chonchi?

Achinyamata amandiseka, amati bambo, ingotsegulani foni mumvere. Zoona, foni ilipo. Koma nyimbo zambiri zakale sizinaikidwepo pa intaneti, zili pa chimbale kapena pa kaseti basi. Ndipo nyimbo ikamveredwa kamodzi pa Spotify, ndalama yopita kwa eni ake sikwana ngakhale senti imodzi ya ku America, pomwe chimbale chimodzi chogulidwa kwa woimba mwiniwake chimamusiyira madola angapo m'manja. Woimba wamng'ono amene omutsatira ake ndi ochepa koma omwazikana m'mayiko ambiri amadalira positi. Mukamudulira njira imeneyo, adya foniyo?

Ndafunsa zambiri, ndipo yankho limene ndatolapo ndi limodzi. Chimbale sichinanenepe, mtunda sunatalike. Chimene tikulipira ndi mafomu, malire ndi kusakhulupirirana kwa maboma, ndipo bilu yake ikugwera wotumiza chinthu chimodzi. Boma la America linaona kalekale kuti mabuku ndi nyimbo n'zoyenera mtengo wotsika mkati mwa dziko lake. Inu nthumwi za mayiko 192 amene mumakhala pansi m'dzina la Universal Postal Union, chikukuletsani n'chiyani kugwirizana mtengo wotere wodutsa malire, ngakhale utakhala wa pa sitima yapamadzi? Okonda nyimbo akhoza kudikira miyezi iwiri, bola mtengo ukhale woti munthu wamba angakwanitse.