Njira Yachidule Yopezera Digiri Mutu Usanapweteke

Mwagulitsa mpunga, mbuzi ziwiri zapita, mwana wakwera sitima pa Entre Lagos kukayamba koleji ya eni ake, ndiye usiku simukugona poopa kuti akalephera. Mtima m'malo, anthu a ku Chiuta. Kulephera ndi matenda akale, a nthawi imene yunivesite m'Mozambique muno inali imodzi yokha, ya Eduardo Mondlane ku Maputo. Lamulo la 1993 lidatsegulira anthu wamba chitseko choti nawonso aziyendetsa sukulu za ukachenjede, zoyamba zidatsegulidwa cha mu 1995 ndi 1996, ndipo lero sukuluzi zaposa 50, zambiri mwa izo zosakhala za boma. Zina zimaphunzitsa ndithu, mwana n'kubwerako atawonda. Zimenezo zipeweni. Malangizo angawa ndi a zinazo, zija zili pamwamba pa sitolo.

Choyamba mwana adziwe tsiku lolipira propina, ndalama ya sukulu ija. Tsiku la mayeso akhoza kuliiwala, palibe kanthu, amukonzera lina. Koma akachedwa ndi ndalama, multa, chindapusa chija, imamupeza asanafike pa geti, ndipo mlonda amene sadziwa dzina la mphunzitsi ngakhale mmodzi amadziwa pamtima mayina a onse angongole. Buku lofunika pa sukulu yotere ndi la malisiti. Alisunge mu pulasitiki, lisanyowe.

Kenako amvetse masamu a eni sukulu, chifukwa ndi masamu okhawo amene amaphunzitsidwa bwino pamenepo. Mayeso amachongedwa kuyambira 0 mpaka 20. Wopeza 10 wakhoza, ndipo m'sukulu zambiri amene nota zake za m'kati mwa semesita zafika 14 salembanso mayeso omaliza. Kale mwana akabwera ndi 14 ankamuphera tambala. Tsopano ganizani ngati mwini sukulu: wophunzira akalephera kawiri amakhumudwa n'kubwerera kumudzi, ndipo propina imakwera naye sitima yomweyo. Kodi munaonapo wogulitsa matemba akuthamangitsa wogula chifukwa sadziwa kuphika? N'chifukwa chake 8 akagona usiku umodzi mu ofesi amadzuka ali 10, ndipo 11 akamwetulira bwino amakhala 14. Mphunzitsi wouma mutu amene walepheretsa theka la kalasi amaitanidwa, amapatsidwa mpando ndi madzi ozizira, n'kufunsidwa mwaulemu ngati akudziwa kumene malipiro ake amachokera. Ambiri mwa aphunzitsiwa amalipidwa pa ola ndipo amathamanga sukulu ziwiri zitatu pa tsiku. Amamva msanga.

Komabe mwana asakhoze zonse ulendo woyamba, n'kusowa ulemu kumeneko. Alephereko phunziro limodzi kapena awiri ndi 9, kuti akalipire recurso. Sukulu nayonso ili ndi ana kunyumba. Mayeso obwerezawo sachedwa, mafunso amakhala omwe aja, ndipo nzeru zimene zinakana kubwera semesita yonse zimatsika zokha lisiti ikangodindidwa.

Za cábula, kubera mayeso kuja, kumene abale athu a tsidya la Nayuchi amati likasa, sinditayapo nthawi. Kulemba pantchafu n'kwachikale. Foni ilipo, woyang'anira mayeso ali pakhomo akucheza pa WhatsApp, basi.

Pofunika luso ndi pa monografia, kafukufuku wa chaka chomaliza uja. Pano mverani bwino. Mwana asavutike kupita kunyanja kukafunsa asodzi, udzudzu ungamudye. Pa intaneti pali ntchito zambirimbiri zolembedwa kale m'Chipwitikizi ndi ophunzira a ku Brazil, zaulere. Atenge imodzi, achotse dzina la mwini wake, ndipo paliponse pamene palembedwa São Paulo alembepo Mecanhelas. Ayang'anitsitse tsamba lililonse, chifukwa sizioneka bwino kuti asodzi a pa nyanja ya Chiuta azipalasa ngalawa mu Amazonas n'kumagulitsa nsomba zawo pa ndalama ya real. Ngakhale ataphonya, asaope kwambiri. Amene akuyang'anira ntchitoyo ali ndi mulu wa zina zofika m'chiuno, ndipo amawerenga chikuto, mawu othokoza ndi tsamba lomaliza. Ngati kukopera nakonso n'kotopetsa, alipo anyamata olemba pa mtengo. Mumatumiza theka pa M-Pesa kapena e-Mola, theka lina mukalandira. Mwana angoyesetsa kuwerenga mutu wa ntchito yake tsiku la defesa, loiteteza pamaso pa aphunzitsi, lisanafike.

Musamve ngati mwana wanu ndiye woyamba. Mu 2015 Peter Coughlin adafalitsa kafukufuku wa ntchito 150 za digiri yoyamba ndi ya masitala zochokera m'mayunivesite asanu a m'Mozambique, ndipo adapeza kuti 75 mwa 100 zilizonse zinali ndi mawu obedwa ochuluka ndithu. Amenewo anali mayunivesite odziwika. Za pamwamba pa sitolo zija, werengerani nokha.

Laibulale musaifunse, ili mu kabati ndipo kiyi anapita naye akulu ena. Labotale ili pa chithunzi cha pa chikwangwani. Alvará, chilolezo cha boma chija, musachitchule n'komwe, mungaoneke ngati wa kumudzi. Kuli bungwe la CNAQ limene limayesa ndi kuvomereza maphunziro a ukachenjede, ndipo ku Malawi kuli NCHE, yokhazikitsidwa ndi lamulo la 2011, imene imatulutsa mndandanda wa makoleji ovomerezeka. Kufunsa kumeneko kumangoononga phwando. Chofunika ndi gauni, chisoti cha ngodya zinayi, chithunzi cha pa Facebook, ndi kuti mwana akatsika pa mota aliyense azimutcha doutor, ngakhale agogo ake amene anamusambitsa.

Koma tinene zoona pang'ono, chifukwa zikundiwawa. Pepala la digiri limenelo silithera pa khoma. Likalembedwa ntchito, limaima kutsogolo kwa kalasi ya ana athu n'kumawalembera zolakwika pa bolodi. Limavala zoyera ku chipatala n'kumayeza mlingo wa mankhwala a malungo a mwana wa miyezi isanu ndi umodzi, uku chipatala chachikulu chili ku Cuamba, msewu uli matope. Ndipo mtsikana amene anawerenga ndi tochi ya foni mpaka tambala kulira, n'kupeza 14 yake ya thukuta, amaima pa mzere umodzi ndi wogula digiri uja, mapepala awo ofanana ndendende. Wolemba ntchito akapsa kamodzi amawakayikira onse awiri. Uku n'kuba, ndipo woberedwa woyamba ndi inu amene munagulitsa mbuzi.

Ndiye chaka chino, matumba a mpunga asanatuluke m'nyumba, pitani nokha ku sukuluyo. Akuonetseni alvará, akuuzeni ngati kosi ya mwanayo idavomerezedwa ndi CNAQ, ndipo muwafunse kuti chaka chatha analephera angati. Akakuyankhani monyadira kuti palibe, bwererani ndi ndalama zanu.