Chikomekome cha Mkuyu, M'kati Muli Timabokosi

Akuluakulu adati chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Ine mwambiwu ndinkati ngwa anyamata ofunsira mbeta, mpaka pomwe adandipatsa ntchito yokonza makhadi a ukwati wa mlongo wanga.

Pa intaneti ndidatolapo font yaulere, ya zilembo zoyanga ngati maungu a pachulu. Khadi idakongola ngati akukwatiwa ndi mwana wa nduna. Amalume, omwe uphunzitsi adapuma koma choko sadatule, adalamula kuti w aliyense woyenera chipewa avale chipewa chake: Loŵeruka, aŵiriwa, Malaŵi. Mkulu sayankhidwa. Ndidaveka onse, n'kuponya khadi ndi font yomwe pa fulashi, ulendo kosindikiza.

Osindikizawo adandifunsa ngati ayambe atulutsa imodzi kuti tione. Ine, katswiri, ndidati nthawi ndilibe, atulutse onse 150.

Paliponse pomwe padali ŵ padatuluka kabokosi. Lo□eruka. A□iriwa. Amalume adavala magalasi, adavula, adavalanso, kenaka adafunsa motsitsa mawu: "Mphwanga, ukwati wake uti woyamba ndi bokosi? Ukutilosera chiyani?" Azakhali okha ndiwo adaona ubwino wake, amati m'kabokosimo anthu azilembamo za perekaniperekani.

Makina osindikizira sadalakwe, ndipo sikadali kachilombo. Font ili ngati gulu la kwaya: aliyense ali ndi mawu ake, koma pa mzere wa ŵ wopangayo sadaikepo munthu. Word ya pa laputopu yanga idandibisira manyazi pobwereka ŵ wa font ina mwakachetechete. Pulogalamu ya kosindikiza kuja kubisa siidziwa. Chomwe ilibe imachijambulira bokosi. Akatswiri kabokosika amakatcha tofu, chakudya cha soya cha mbali zinayi, ndipo a Google adachita kupanga banja lonse la mafont, Noto, lothana nako. Kukwatitsa ndi ife, dzina la vuto n'kukhala ndiwo.

Mankhwala ake ngosalira sing'anga. Lembani ŵ mu font yomwe mwaikondayo musanapite nayo patali. Mu Word, lembani 0175 n'kudina Alt ndi X pamodzi. Akatuluka bokosi, kapena akaoneka mlendo pakati pa anzake, font imeneyo ndi mkuyu. Bwererani kwa Times New Roman, Arial kapena Calibri, nkhalamba zosadyera maso koma zodziwa chipewa. Mukatha sungani ngati PDF, kuti zilembo ziyende ndi katundu wawo, kusiyana n'kukabwereka zovala pa kompyuta ya eni.

Pali nyerere ina yomwe siichokera ku font. Mndandanda wa oitanidwa nditautsegula mu Excel, Malaŵi adasanduka MalaÅµi. Ndidasintha font kasanu, osatheka. Fayilo idasungidwa mu UTF-8, Excel n'kuiwerenga mwa njira ina, ngati kalata ya Chitumbuka yowerengedwa ndi Msena. Apa mumangoilowetsanso fayiloyo n'kusankha UTF-8. Chitonthozo changa n'choti a ku Wales nawonso ali ndi ŵ m'chinenero chawo, ndiye maliro amenewa sitilira tokha.

Makhadi tidawasindikizanso mu Times New Roman, ndalama zochokera m'thumba mwanga, amalume ataima pambali pa makina n'kumawerenga zipewa ndi chala. Makhadi okongola aja mayi akuyatsira mbaula mpaka lero.