Kiyi ali ndi aphunzitsi

Pasukulu yasekondale yomwe ndinaphunzira panali laibulale, ndipo umboni wake unali loko wamkulu pachitseko. Kiyi ankasunga aphunzitsi ena ake omwe tsiku lililonse ankakhala kuti angochoka kumene, mwina apita kubanki, mwina kumaliro. Tinkasuzumira pawindo ngati ana pa shopu ya maswiti.

Tsiku lomwe anatsegula, tinapeza mabuku ambirimbiri amphatso ochokera kunja. Lina linkaphunzitsa kuchotsa chipale chofewa pakhomo, ife tikutuluka thukuta la mu Okutobala. Buku lomwe tinkalifuna tonse, Nthondo la Samuel Nthara lija linatuluka mu 1933, linalipo limodzi lokha, ndipo masamba omaliza anali atadyedwa ndi chiswe. Mpaka lero ndimakhulupirira kuti chiswe cha pasukulu ija chimadziwa mathero a nkhaniyo kuposa ine.

Gulu lathu lowerenga linkakumana Lachitatu pansi pa mtengo wa mango. Anthu ankachuluka kwambiri nyengo ya mango. Mnyamata wina sankaphonya ngakhale tsiku limodzi, koma zomwe ankawerenga zinali nkhope ya mlembi wa gululo.

Mayeso a MANEB akayandikira, laibulale inkadzaza mpaka ena kukhala pansi. A Fomu 4 ankabisa mabuku a Biology kuseri kwa shelefu ya Chifalansa, podziwa kuti kumeneko sikufika munthu. Mwezi watha ndinadutsa kulaibulale kuja: apakako penti yatsopano, ndipo anandiuza kuti wa kiyi wangochoka kumene.