Mamilimita awiri amene anandidyera ndalama

Pachipatala chathu palibe CT scan, ndiye atatiphunzitsa kuona kutupa kwa ubongo kudzera m'diso, ndinadziona ngati katswiri. Nzeru yake ndi yosavuta. Mtsempha wa diso wopita ku ubongo uli m'chikuta momwe mumayenda madzi omwewo ozungulira ubongo. M'chigaza mukathinana, chikutacho chimafufuma. Umapaka jelo wambiri pachikope chotseka, n'kuikapo probe ya ultrasound osadinikiza. Ukatero umawerenga mamilimita 3 kuseri kwa diso, n'kuyeza m'lifupi mwa chikutacho. Munthu wamkulu akapyola mamilimita 5, umayamba kuda nkhawa. Ngakhale ku Blantyre ofufuza anaiyesapo njirayi pa ana, zotsatira zake n'kutuluka mu 2008.

Ndili pa naiti, odwala atachepa, mutu unayamba kundiwawa. Munthu wanzeru akanamwa Panado. Ine ndinakoka makina aja, kutseka diso lamanja, kulipaka jelo wozizira mpaka kuyenderera m'khutu, lamanzere n'kumasuzumira pa sikirini imene inali cham'mbali.

6.7.

Ndinabwereza, jelo akudontha pakolala. 6.9. Ikukwera!

Miyendo inazizira. Pakati pa usiku pomwepo ndinaimbira mayi a kunyumba.

"Mayi a mwana, limbani mtima. Ndikapita, kuli ndalama kubanki m'khonde ya kuntchito kuno. Zina zili mufoni, nambala yachinsinsi ndi chaka chomwe munabadwa."

"Ndalama zanji, bambo? Si paja munati malipiro onse amathera ngongole?"

Ndinaulula zonse, ndi za poloti lomwe ndinkalipira mwakabisira. Munthu wakufa saopa mlandu.

M'mawa adokotala aakulu anandimvetsera osaseka, zimene ndimawathokoza mpaka lero. Anandigoneka chagada, nati ndiyang'ane kudenga maso onse ali chitsekere. Anayeza diso lililonse mopingasa ndi mowongoka. 4.5, kwinaku 4.6.

"Achimwene, poyang'ana sikirini ndi diso linalo, mumaganiza kuti lotsekalo linangokhala phee?"

Maso amayendera limodzi. Langa lotseka linatembenuka, mtsempha n'kupendekeka, ine n'kuudula chamchendeza. Anandionetsanso mthunzi wakuda umene umagwa kuseri kwa diso, wooneka ngati mtsempha koma m'mbali mwake mosalala mokayikitsa, ndipo ambiri ongoyamba kumene amayeza umenewo. Kungosintha kuwala kwa chithunzi, malire a chikuta amasuntha. Pa kanthu kochepa chonchi, theka la milimita limasandutsa wamoyo kukhala wodwala. N'chifukwa chake ofufuza sanamvanebe pa malire enieni, ena 5, ena kufupi ndi 6, ndipo dokotala wozolowera sakhulupirira nambala yokha osaona wodwalayo.

Kunyumba ndinapeza mayi ataphika nkhuku, foni yawo ili pambali pa mbale.

"Mwachira, tathokoza Mulungu. Tsopano idyani, tikaone poloti lija dzuwa lisanalowe."