Vinyo wa Mphwanga ndi Lilime la ku Milange

Ife amene tidabadwira patsinde pa phiri la Tumbine, kuno ku Milange, kumene munthu agulitsa nandolo ndi metikali m'mawa, nawoloka Muloza kukagula shuga ndi kwacha pa Limbuli dzuwa lisanapendeke, tidakula tikudziwa kuti vinyo ndi wa anthu awiri okha: wansembe pa guwa, ndi Mpwitikizi wa ku minda ya tiyi, amene ankathira wake kuchokera m'chibotolo cha malita 5 chotchedwa garrafão. Kufikira ufulu wa mu 1975, gawo langa pa chakumwacho lidali kununkhiza chibotolo chikatha, mayi asanachisandutse chosungiramo palafini. Ngakhale zidali tero, pabwalo ndakhala ndikuyankhula za vinyo ndi ulamuliro wonse, pakuti m'mudzi mwathu palibe wina adanunkhizapo.

Mlendo ndiye adza ndi kalumo kakuthwa. Mphwanga wa kwa mlongo wanga, amene adatha zaka akutengulira mphesa m'minda ya ku Stellenbosch, atafika kudzationa adagwada, nanditambasulira botolo ndi manja awiri, nati, "Malume, uyu ndi Cinsaut, musamumwe ngati thobwa." Ndidamukhululukira mwano umenewo chifukwa cha botololo, ndipo ndidamulola kuti afotokoze zimene ndidauza mbumba kuti ndidazidziwa kale: kuti mphesayi kwawo ndi kum'mwera kwa France, kuti alimi a ku Cape ankaitcha Hermitage, ndi kuti mu 1925 katswiri wina, Abraham Perold, adaikwatitsa ndi Pinot Noir, pabadwa mtundu wa Pinotage, umene lero utchuka kuposa kholo lake, monga zichitikiranso m'mabanja ena amene sindiwatchula.

Atathira m'tambula, mtima wanga udagwa, pakuti vinyoyo adali wofiirira mwambuu, woti chala chionekera kuseri kwake, ndipo ndidayamba kulingalira kuti mwina mwanayo adachita chozizwitsa cha ku Kana chobwerera m'mbuyo ali m'basi. Iye adati ayi: mtundu wa vinyo uchokera m'khungu la mphesa, ndipo Cinsaut ali ndi zipatso zazikulu, madzi ambiri ndi khungu lochepa, n'chifukwa chake samanga m'kamwa monga ichitira nthochi yosapsa. Adandilamula kuti ndigwedeze tambula, ndilowetsemo mphuno, ndinene chimene ndamva. Iye adamva sitiroberi za ku Zomba ndi maluwa. Ine, nditatsinzina nthawi yaitali monga ayenera mkulu, ndidamva sopo amene mayi a kunyumba adatsukira tambulayo, koma poyera ndidati mabulosi, ndipo anthu adaomba m'manja.

Za chakudya ndiye zidautsa mlandu. Mphwanga adati vinyo wopepuka afuna kuziziritsidwa pang'ono, choncho botolo lidagona mumtsuko, ndipo afunanso ndiwo zosalemera: nkhuku, nsomba yootcha kapena nyemba. Mayi a kunyumba, amene adaphunzira kuphika kwa azakhali awo ku Quelimane, adapha tambala wathu yekhayo, namumwetsa mkaka wa kokonati, adyo ndi mandimu, namuwotcha pamakala monga achitira a ku Zambezia; ndipo kunena zoona pamaso pa Mulungu, kachiwawasa ka vinyoyo kankatsuka mafuta pa lilime, kotero kuti nthuli iliyonse inkakoma ngati yoyamba. Ndidayesanso vinyoyo ndi kalongonda, poteteza ulemu wa makolo athu Alomwe, ndipo awiriwo adalolerana mwaulemu, osakondana. Koma pamene ndidathira piripiri wa muyezo wanga, vinyo adathawiratu osatsanzika, ndipo pa usipa wouma ndikupemphani kuti tisakambepo.

Cholakwa chachikulu cha chakumwachi ndi muyezo. Botolo ndi la mamililita 750, ife tidali khonde lodzaza, kuphatikizapo anyakwawa amene adangodutsa mwangozi nthawi yeniyeniyo. Aliyense adalandira zongonyowetsa ndevu, ndipo alamu anga, ozolowera kachasu, adafunsa mwaulemu kuti mowa weniweni ubwera liti.

Chigamulo changa n'chakuti Cinsaut ndi vinyo wabwino wa nyengo yotentha, woyenera nkhuku ndi nyemba, wosayenera khamu. Inu amene muli ndi ana ku Cape, auzeni adze ndi mabotolo awiri, ndipo afike usiku.